Mawu a Kumapeto kwa Tepi

Loweruka lililonse dzuwa likangopendeka tinkakumana m'chipinda chakumbuyo cha kampani yojambula zimbale za jazi. Ndikati kampani musaganize chinyumba chosanja. Zinali zipinda zitatu kuseri kwa sitolo ya matayala: chojambuliramo, ofesi, ndi chathucho, chodzaza mashelefu a matepi akuluakulu ozungulira ngati mbale.

Tinalipo asanu ndi awiri. Ine ndine telala. Panali a Ometa, munthu wosatha kumvera nyimbo pakamwa pali potseka, ndi anzathu ena okalamba ngati ife. Wosunga matepiwo tinkawatchula a Makina, chifukwa makina oimbira matepi ankamvera iwo okha.

Malemu mwini kampani anasiya lamulo limodzi: nyimbo zomwe sizinatuluke pa chimbale mverani mmene mungafunire, koma osajambula. Pakhomo pankakhala katoni ya sopo, ndipo aliyense polowa ankaponyamo foni yake. Zaka khumi ndi ziwiri palibe anaphwanyapo lamulolo, ndipo tinkanyada nazo.

Pakati pathu panali mayi mmodzi yekha, mkazi wa malemu woliza lipenga. Mwamuna wawoyo tonse tinkamutchula achimwene, ndiye iwo anangosanduka Mlamu wa gulu lonse. Jazi sankaikonda kwenikweni.

"Nyimbo zanuzi zili ngati mbuzi yosochera," ankatero. "Kolowera sikudziwika, kotulukira sikudziwika."

Ankabwerera tepi imodzi yokha, yomwe achimwene anajambula kutatsala sabata kuti amwalire. Nyimbo itatha tsiku limenelo, makina anachedwa kuzimitsidwa. Ndiye kumapeto kwa tepiyo mumamveka achimwene akupuma mwawefuwefu, kenako kuseka, n'kunena kuti, "Basi anyamata, ndikachedwa mayi akunyumba anditsekera kunja." Lipenga lawo lili pa zimbale zingapo, koma mawu awo olankhula kulibe kwina kulikonse. Ife tinazolowera kuwanena nawo limodzi mawuwo, tonse pamodzi ngati kwaya, Mlamu n'kumayankha kuti, "Bodza, sindinamutsekerepo ine!" Tikatero tinkaseka n'kumabalalika.

Mwana wa malemu mwini kampani ndi amene anadzatiuza kuti wagulitsa zonse. Anaima pakhomo, kukana mpando.

"Atsibweni, musandione ngati woipa," anauza a Makina. "Zimbale masiku ano agula ndani? Denga likudontha. Ogulawo ndi kampani yaikulu, nyimbo aziika pa intaneti, dziko lonse lizimva."

"Ndi za m'chipinda munozi?" anafunsa a Makina.

Mwanayo anayang'ana nsapato zake.

Yankho tinalimva kwa mayi wa kampani yatsopanoyo, amene anabwera pakati pa sabata kudzalemba matepi. Ndinawaperekeza Mlamu kukamuona. Anali munthu waulemu, anatipatsa mipando. Anati nyimbo zomwe zinatuluka kale adzazitulutsanso. Zomwe oimba ake sanasainire pepala zikasungidwa m'nyumba yosungiramo katundu, kutali.

"Mpaka liti?" anafunsa Mlamu.

"Sindingakunamizeni, mayi. Mwina mpaka kalekale."

"Ndiye ndipatseni ya bambo akwathuyo. Imodzi yokha. Inu simukaimvera n'komwe."

"Ili kale pamndandanda. Ine mphamvu yochotsapo ndilibe. Galimoto ibwera Loweruka itatsala pang'ono kukwana folo koloko."

Tikutuluka, Mlamu anaima pafupi ndi mulu wa matayala n'kunena motsitsa kuti, "Nkhope yake ndili nayo pa chithunzi. Koma mawu amathawa, a Telala. Ndikakhala milungu iwiri osabwera kuno, ndimayesa kuwakumbukira, osatheka."

Loweruka lomalizalo tinapeza katoni palibe pakhomo. Tinaima ndi mafoni m'manja ngati ana osowa pokhala. Ena anaika awo pawindo.

"Katoni ija sindikuiona lero," anatero a Makina akupukuta makina awo, osatiyang'ana. "Maso anga akalamba. Za pabenchi apo sindiziona ayi."

Tinamva chomwe amatanthauza. Mlamu anandipatsa foni yawo, yaing'ono, yomangidwa ndi labala. Ndinaitchera kuti ijambule n'kuiika pabenchi pakati pa ine ndi a Ometa. Kuiika pafupi ndi sipika sindinaganizeko. Kutsogolo kuja kunali kwa a Makina okha, ndipo chiyambire palibe mwa ife anapondako.

"Tamverani, akuluakulu," ndinatero. "Lero pakamwa potseka. Makamaka inu a Ometa."

"Ine ndiye ndalakwanji? Inu simukuwa?"

"Inu mumakuwa ngati mwadula khutu la kasitomala."

"Lumani chipewa," anatero Mlamu. "Mukangoti kwe, ndasiya kukhala mlamu wanu."

A Ometa anavuladi chipewa n'kuchiluma. A Makina anakoleka tepi ya achimwene ija pang'onopang'ono, monga mwa masiku onse, n'kutembenuza batani.

Ng'oma zinayamba pansipansi. Piyano inalowa. Kenako lipenga la achimwene linabwera modekha, ngati munthu wolowa m'nyumba muli mwana wogona. Pali malo ena pomwe lipengalo limakwera n'kukakamira pamwamba, ndipo nthawi zonse a Ometa ankadzuka n'kukuwa kuti, "Apatseni, achimwene!" Tsiku limenelo anangogwedezeka pabenchi, misozi ikutsikira pa chipewa. Mnzathu wina anakhalira manja ake kuti asaombe. Ine phazi langa linkafuna kuponda, ndinalipanikiza ndi linzake. Mphindi zisanu ndi zinayi, nkhalamba zisanu ndi ziwiri zili zii. Chiyambire sizinachitikepo.

Lipenga linatsika, linatsikanso, n'kuleka.

Tinapuma tonse nthawi imodzi. A Ometa analavula chipewa. Tinali titakwanitsa! Ndipo m'chimwemwe chimenecho, achimwene atangoseka m'sipika muja, pakamwa pathu panatseguka pokha:

"Basi anyamata, ndikachedwa mayi akunyumba anditsekera kunja!"

Tinanena mokweza kuposa masiku onse, chifukwa kanali komaliza. Mlamu okha sanayankhe. Anangotiyang'ana. Ine ndinayesa kuti ndi chisoni.

Nthawi yomweyo hutala inalira panja. Mayi wa kampani yatsopano uja analowa ndi amuna awiri onyamula katundu. Ndinabisa foni m'thumba msangamsanga. A Makina anabweza tepi, anaiika m'bokosi lake, anapukuta bokosilo ndi mkono wa malaya, n'kulipereka ndi manja awiri. Mlamu anatsegula pakamwa ngati anene kanthu, koma mayiyo anali atayamba kale kuchonga pa pepala lake. Tinatuluka kuti tiwapatse malo.

Galimoto itakhota pa ngodya, tinaunjikana pamthunzi wa sitolo ya matayala kuti timve zomwe foni inajambula. Nyimbo inalipo, yakutali, ngati ikuchokera kwa aneba, koma inalipo. Lipenga linatsika n'kuleka. Kenako kunamveka chipewa chikulavulidwa, benchi kulira, ndi mawu athu, amphamvu, osasa, okondwa. A Ometa pamwamba pa onse, ine pambuyo pawo. Mawu a achimwene osamveka ngakhale pang'ono.

"Bwezaninso," anatero a Ometa.

Ndinabweza. Ndinakweza mpaka kumapeto. Tinali ife tokhatokha.

"Mlamu," anayamba a Ometa. Anangopotokola chipewa chonyowacho.

A Makina anati mwina tilembe kalata ku kampani yatsopano ija. Koma sanabwerezenso.

Mlamu anatenga foni yawo, anakonza labala uja, n'kuiika m'chikwama.

"Nyimbo ija munakhala chete bwino," anatero. "Ndinakuonani. Munayesetsa."

Anatsanzika aliyense ndi dzanja, monga ankachitira Loweruka lililonse, n'kuwoloka msewu.

Chipinda chija tsopano mwadzaza matayala. A Makina anapita kukakhala kwa mwana wawo. Zimbale zakale zija akuti zilidi pa intaneti, koma ndikayesa kumvera ndekha nditakhala pa makina anga osokera, ndimazimitsa nyimbo isanafike pakati. A Ometa ndimakumana nawo, timakamba za mvula.

Mwezi wathawu Mlamu anabweretsa diresi kuti ndiwachepetsere. Ndikuwayeza m'chiuno, anandifunsa osandiyang'ana.

"A Telala, paja bambo akwathu aja ankayamba n'kuseka kapena n'kupuma?"

Ndinaima ndi tepi yoyezera m'manja. Ndinayesa kumvetsera m'mutu mwanga. Ndinangomva kukuwa kwa a Ometa.

"N'kupuma," ndinatero.

"Inenso ndimaganiza choncho," anatero Mlamu. "Kapena n'kuseka."