Mfuti Ziwiri za Malemu Eulogio

"Zitini zisanu ndi chimodzi zakwana," anatero Aparicio akuzindandalika pamitengo ya mpanda wa khola. Mphepo inagwetsa chimodzi. Anachitola, n'kuthiramo dothi kuti chilemere.

Heber anayang'ananso wotchi yake. Panali patapita masiku anayi chiikireni m'manda bambo ake, Don Eulogio, ndipo basi yobwerera kulikulu, ku Montevideo, inali ya mawa masana. Mutu wake unali utamanga kale mfundo: nkhosa zigulitsidwe, mfuti ziwiri zigulitsidwe, mayi ake, a Celmira, alongedze akakhale naye m'tauni. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri sangatsale yekha pafamu, kutali ndi tauni ya Tacuarembó, m'mwezi umene nkhosa zikuswa ndipo nkhandwe zikubwera kudzadya ngati zachita kuitanidwa. Ananena zimenezi katatu. Katatu konse mayi ake anangomupatsira chikho cha tiyi wa yerba, n'kumuuza kuti amwe madzi asanazizire.

Aparicio, mlongo wake wa Celmira, anali atavomera kugula mfuti imodzi. Koma iye sanali munthu wogula chinthu chili m'thumba. Anati aziyese kaye zonse ziwiri.

Anayamba ndi yakale. Inali yaitali, yolemera, mtengo wake utada ndi thukuta la zaka makumi anayi. Zipolopolo zake zinkalowa chimodzichimodzi m'kampope ka pansi, ndipo Aparicio ankaziwerenga mokweza dala poona kuti Heber akupondaponda.

"Malume, changu. Ndiyenera kuimbira munthu wa nkhosa nthawi isanakwane folo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, a bwana a ku likulu. Mfuti iyi inakulera iwe. Ipatse ulemu."

Anawomba. Dothi linafumbuka kumanzere kwa chitini. Mfutiyo inataya khoko la chipolopolo n'kudzilowetsera yokha chipolopolo china, monga zimachitira mfuti zamtunduwu. Anawombanso, kumanzerenso. Kachitatu inatsamwa, khoko litakanirira pakamwa pake.

"Ndinadziwa!" Aparicio anaseka akulikolopola ndi mpeni. "Mfuti iyi ndi alamu anga enieni. Imapita kumene ikufuna, ndipo ukaifulumizitsa imakhala chete. Uyenera kulozera zala ziwiri kumanja kwa chinthu chimene ukufuna. Eulogio ankadziwa, koma kuti akonze? Ayi. Ankati munthu wina akadzaiba adzafa ndi njala."

Atalozera kumanja, chitini chinadumpha.

"Ndiye mupereka zingati?"

"Pa iyi? Ukaiika paphewa imakhazikika bwino, mphepo siigwedeza. Koma ndi yolemera ngati khasu lonyowa. Yenda nayo m'mawa wonse, madzulo dzanja si lako. Tione inzakeyo."

Heber anatsegula yekha thumba lachiwiri. Mfuti imeneyi ankaidziwa. Anaigula iye zaka zisanu zapitazo, ndi malipiro ake apadera a kumapeto kwa chaka, n'kubwera nayo pa Khirisimasi. Inali yopepuka, ya kabokosi ka zipolopolo khumi kongolowetsa kamodzi, ndi galasi loonera patali pamwamba. Tsiku limenelo bambo ake anainyamula, anaitembenuza, n'kunena kuti, "Yapepuka ngati tsache." Basi. Anakaiika m'kabati. Mawu amenewo anamupweteka Heber kwambiri, ndipo ankamupwetekabe.

"Iyi ndi yatsopano, Malume. Sanaigwirepo. Mupereka mtengo wa m'sitolo, kuchotsapo pang'ono."

Heber anaikweza paphewa, galasi lija n'kumugunda pachikope. Anaitsitsa, anaikwezanso. Chigongono chinapindika ngati akunyamula mfuti ya mwana. Ataitembenuza anaona: mtengo wa kumbuyo, woika paphewa, unali utadulidwa ndi sowo. Panachoka zala zinayi. Pamalo podulapo panakhomedwa chikopa chakale cha chishalo ndi timisomali ting'onoting'ono.

Aparicio anaimba mluzu wautali. "Theka la mtengo lagwera pansi ngati utuchi. Ndani angagule mfuti yoduka mchira?"

"Anaidula?" Mawu a Heber anakwera. "Ngati sanaifune bwanji osangondibwezera? Ndinayenda masitolo atatu kuti ndiipeze! Munthu uja, chilichonse chochokera kwa ine chinali cholakwika. Ntchito yanga yolakwika, mkazi wanga wolakwika, mpaka mphatso!"

"Taona apa," anatero Aparicio, akusisita pamene dzanja lamanzere limagwira. Utoto unali utasupuka. "Chinthu chokhala m'kabati sichiperepeseka chonchi."

Heber sanamve. Analowetsa kabokosi, anapinda khosi mmene akanathera, n'kuwomba katatu motsatizana. Mfuti inalira bwino, osatsamwa, koma zitini zinangokhala phee kumuyang'ana. Nkhosa ndiye zinathawira kumapeto kwa khola.

"Mwanditheranji zipolopolo inu?"

Anali a Celmira, atatuluka m'shedi ndi botolo la mkaka loyamwitsira kamwana ka nkhosa kamasiye. Anali atavala jekete la malemu, manja ake atapinda kawiri. Anaika botolo pamtengo wa mpanda n'kutambasula dzanja.

"Amayi, si choseweretsa ichi."

"Bweretsa kuno. Kuyambira Lachiwiri wakhala ukundiwerengera zaka ngati ndine nkhosa yopita kumsika."

Anaitenga. Inalowa paphewa pawo ngati supuni m'kapu, tsaya n'kukhazikika pamtengo, diso pagalasi. Aparicio anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu.

"Achemwali, mukufuna kundiuza chiyani?"

"Zaka zitatu manja a alamu ako akunjenjemera. Sunaone mmene ankamwera msuzi? Mfuti yakaleyo sankathanso kuinyamula, ndipo ine inkandithyola msana. Chaka choyamba nkhandwe zinatidyera tiana ta nkhosa makumi awiri. Ndiye tsiku lina Lamlungu anandiyeza ndi chingwe kuchoka pachigongono kufika pachala, n'kulowa m'shedi ndi sowo. Anaidula tsiku lonse, poti dzanja linkamuthawa."

"Nanga zikopa za nkhandwe zimene ankatinyadira nazo ku bala zija? Khumi ndi zinayi! Ndinamugulira mowa ine chifukwa cha zikopa zimenezo!"

"Nkhandwe ankaziona ndi iye. Ine kwanga kunali kukoka chala. Mowawo unamwedwa, usandifunse ine."

Heber anatembenukira kwa mayi ake. "Bwanji sanadule yakaleyo? Si imene inali yopanda mtengo?"

"Anati yakaleyo ndi yabodza, imamvera iye yekha. Anati, 'Ya mwana wathu sinama, imapita pamene waloza. Ndikupatsa imeneyo.'" A Celmira sanachotse diso pagalasi. "Kukuuza sakanatha. Ukanadziwa za manja ake ukanabwera ndi lole kudzatinyamula, monga wabwerera panomu."

Heber anaweramitsa mutu. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anamukwiyitsanso. Anayang'ana wotchi osaona nthawi.

"Chabwino," anatero. "Gwetsani chitini chimodzi chokha. Mukagwetsa, nkhosa sizigulitsidwa, ndipo ndipita ndekha mawa. Mukaphonya, mulongedza."

"Wamva, Aparicio? Ndiwe mboni."

A Celmira anaponda bwino, anapuma, chala chili pakachitsulo kowombera. Mphepo inkawomba n'kuleka, kuwomba n'kuleka. Aparicio anasintha mwendo. Nkhosa ina inalira. Mfuti sinalire. Mutu wa a Celmira unapendekera pang'ono kumanzere, ngati munthu womvetsera wina akunong'ona, ndipo mpope wa mfuti unayamba kutsika ndi kulemera kwa kudikira.

"Achemwali, chitini sichithawa, koma dzuwa likupita."

"Khala chete iwe." Mawu awo anali atachepa. "Ankaima apa, kumanzere kwanga. Ankayang'ana udzu. Mphepo ikagona ankati, 'Tsopano.' Chipolopolo chaching'ono ichi mphepo imachinyamula, ndipo diso langa likakhala pagalasi udzu sindiuona. Sindinawombepo n'kamodzi komwe ndisanamve mawu ake."

Heber anaona kuti wapambana. Sankafunika kuchita chilichonse. Akanangotseka pakamwa, mikono ya mayi ake ikanatopa, mfuti ikanatsika, ndipo mawa akanakhala pambali pake m'basi, chikwama chili pamiyendo. Chipinda ku Montevideo chinali chokonzedwa kale, ndi makatani atsopano. Kumeneko chipatala chinali pafupi. Kumeneko sakanamagona foni ili m'manja kuopa uthenga. Zonsezi zinali zoona, ndipo anaziwerenga m'mutu chimodzichimodzi akuyang'ana mpope wa mfuti ukunjenjemera.

Anasuntha. Anakaima kumanzere kwa mayi ake, nsapato zake za m'tauni zikumira m'ndowe. Anayang'ana udzu wa kuseri kwa mpanda. Unawerama, unadzuka, unaweramanso. Sanali atayang'anapo udzu chonchi chichokereni pakhomo pano. Kenako unaima njo.

"Tsopano, Amayi."

Chitini chachiwiri kuchokera kumanja chinadumpha n'kugwera m'khola, dothi likukhuthuka.

Aparicio anamenya chipewa pabondo. "Ndiye ine ndatsala ndi yabodzayi! Ndinadziwa kuti banja ili lindipusitsa."

"Ndidzakuphunzitsani kuona udzu, Malume," anatero Heber. "Muzibwera kuno mpaka nkhosa zitamaliza kuswa. Ine ndizibwera Loweruka."

"Iwe kundiphunzitsa ine? Mwaonatu zimenezi!"

A Celmira sanatsitse mfuti. Anali atasunthira kale pachitini chotsatira. Heber anakweza dzanja kuti aliike paphewa pawo, koma iwo anapukusa mutu pang'ono, diso lili pagalasi.

"Manja m'matumba. Bambo ako ankawabisa m'matumba, kuopa kundigwedeza."

Heber analowetsa manja m'matumba, n'kuyang'ananso udzu.