Shakila Atembenuza Tebulo

Ramadhani ikangotha, maukwati ku Mangochi amachita kupanikizana. Shakila ankakonza makhadi a ukwati pakompyuta m'kashopu ka a Sumani pafupi ndi msika, ndipo nyengo imeneyi ankangoti maso tong'o pasikirini kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Maso anayamba kulasa ngati mwalowa mchenga, misozi n'kumatuluka yokha, mutu n'kumaphwanya. Tsiku lina zilembo zinayamba kuoneka ziwiriziwiri, moti dzina la mkwatibwi analiwerenga mobwerezabwereza osatsimikiza ngati walemba Alima.

Anapita kuchipatala mtima uli m'mwamba, poganiza kuti achita khungu. Namwino wa maso anamupima n'kumwetulira.

"Masowa alibe matenda, achemwali, atopa basi. Muziphethira pafupipafupi, muzisiya kaye ntchito n'kuyang'ana patali. Kodi dzuwa limawalira pasikirini?"

"Tsiku lonse. Windo lili kumbuyo kwanga."

"Ndiye mukatembenuze tebulo."

M'mawa mwake a Sumani anapeza Shakila akuguza yekha chitebulo chija, mawaya ali mbwee pansi.

"Iwe Shakila, shopu yanga ukuiphwasula?"

"Ayi abwana, ndikufuna windoli likhale chakumbali."

Anang'ung'udza, komabe anagwira mbali inayo. Mkangano weniweni unabuka masana, atamuona ataima pakhomo akuyang'ana mapiri a kutsidya kwa Shire, makasitomala atakhala pabenchi.

"Anthu akudikira, iwe ukuonerera mapiri?"

Chiyambire ntchito Shakila anali asanawayankhepo abwana ake. Koma sanasunthe.

"Makhadi awo atuluka lero lomwe, Inshallah. Koma ndikapanda kupumitsa masowa, posachedwa mufuna munthu wina. Ine ntchitoyi ndimaikonda, sindikufuna kuisiya."

A Asiatu, mayi amene ankadikira makhadi a mwana wawo, analowererapo. "Musiyeni mwanayo apume, a Sumani. Ukwatiwo si walero."

A Sumani anapukusa mutu n'kulowa kukayatsa makina odindira.

Shakila anabwerera pampando, anakulitsa zilembo, anachepetsa kuwala kwa sikirini, n'kuyambanso ntchito. Nthawi zina ntchito ikamukomera ankaiwala zopumazo mpaka maso atamukumbutsa ndi kulasa, koma akatero ankadzuka ndithu, kaya abwana akwinye nkhope. Pang'onopang'ono mutu unasiya kuphwanya. Kenaka tsiku lina ali pakhomo paja, anamva kasitomala akufunsa ngati wamakhadi alipo.

"Akupumitsa maso," anatero a Sumani. "Khalani pabenchipo, abwera."