Dzanja la Wometa

Wometa tsitsi wina anavala suti yake ya kumaukwati popita ku chionetsero cha zithunzi kusukulu ya mwana wake wamkazi. Dzanja lamanja analibisa m'thumba. Linali litayamba kunjenjemera kalekale, koma sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. Ndani angapereke khosi lake kwa wometa wonjenjemera?

Mu holo munkanunkha penti. Mwanayo anayamba wamuimika pa chithunzi cha katswiri wina wakalekale wa kutsidya kwa nyanja, amene ophunzira ankatengera luso lake chaka chimenecho. Panali mwamuna atakhala pampando, nkhope yobiriwira, mkono umodzi wautali kupyola bondo.

"Wodwala ndi ameneyu, kapena wojambulayo ndiye anali atalawa?" anafunsa wometayo.

"Ayi bambo. Iyeyu kufananitsa anasiyira kamera. Ankajambula zimene thupi likumva. Taonani mkonowo mmene watopera."

Anayang'ananso monyinyirika. Zoonadi, anthu otere anawametapo ambiri, obwera kuchokera kuntchito n'kudzagwera pampando ngati thumba la simenti. Zinamudabwitsa, zinamuwawanso pang'ono, kuti penti yopaka mokhala ngati mwaphuma ingadziwe zimene iye anaphunzira ndi zaka.

Atakhota pakona anangoti kakasi. Pakhoma panali iye mwini, ali mu shopu yake. Mutu unali waung'ono, wamtambo. Dzanja ndiye linali lalikulu ngati fosholo, litagwira lumo, ndipo mwanayo anali atalizunguliza mizere yachikasu yosanjikizana, moti linkaoneka ngati likukana kukhala malo amodzi.

Mayi wina wamagalasi anaima pambali pake n'kumauza mnzake kuti, "Koma dzanjali ndi lamoyo. Likuchita kugwedezeka."

Wometayo anakokera mwana wake pambali.

"Chotsa chimenechi. Makasitomala anga akachiona ndigwira mtengo wanji?"

"Bambo, sindinaname pena paliponse."

"N'chifukwa chake ndikuti chotsa. Unaona liti?"

"Tsiku limene munandilola kukhala mu shopu ndi maburashi anga. Ndinayesa kulijambula litaima, koma silinkaoneka ngati lanu."

Iye ankayesa kuti mwanayo akusirira masharubu ake, tsiku lonse n'kumakweza chibwano ngati mkwati. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu. "Koma amayi ako asachione. Mtima wawo ukuudziwa."

Mwanayo anayang'ana pansi.

"Anachiona chisanaume n'komwe. Ine ndimafuna kuchisiya kunyumba, iwo ndi amene anati ndichikoloweke pano."

"Amayi ako?"

"Akuti atopa kuyang'ana kumbali mukamataya tiyi. Akuti mwina khoma mulimvera. Mawa shopu musatsegule, akuperekezani kuchipatala."