Mbale ya Esther

Anastasia anaima pakhomo la Esther, mnzake woyandikana naye nyumba, atanyamula mbale ya mandasi otentha. Esther anabisa manja kumbuyo.

"Pepani, sindingalandire."

Mbaleyo inali ya Esther yemweyo. M'mawa, Anastasia akungofika kuchokera kuchipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino, Esther anamugogodera n'kumupatsa timakeke tangodya zitatu ndi malalanje, osanena chifukwa. Kwawo kwa Anastasia, ku Balaka, mbale ya mnzako suibweza yopanda kanthu. N'chifukwa chake anasiya tulo n'kukanda ufa. Ndiye amukane ngati wabwera ndi chiphe?

"Khalas, basi, asisi," anatero Anastasia, mtima utawira. "Zathu zakuda sizidyeka, tamva."

Anatembenuka kuti azipita. Zinamupweteka, chifukwa pansanjika yonseyo ya ku Al Barsha, mumzinda wa Aluya uwu, anatsala awiriwa basi. Chuma chitagwa, anthu anachotsedwa ntchito n'kuthawa mwakachetechete, magalimoto awo n'kutsala panja akudya fumbi. Akadana ndi Esther, moni adzapatsana ndi ndani?

"Lowani kaye," Esther ananong'ona, akusuzumira m'khonde lopanda munthu.

M'nyumbamo makatani anali otseka dzuwa likuswa mtengo. Esther anakhoma chitseko.

"Ine ndi Elliot, mwamuna wanga, ndife Ayuda. Kuno sitiuza munthu. Mapepala athu ndi a ku South Africa, ndipo anthu amangodziwa zomwezo."

Anayang'anitsitsa Anastasia ngati wodwala amene akudikira zotsatira za magazi. Kenako anapitiriza. Tsikulo linali Purimu, chikondwerero chokumbukira kuti mtundu wawo unapulumuka kuphedwa. Lamulo lake ndi kusangalala ndi kutumizira mnzako chakudya. Mabanja ochepa amene ankakondwera nawo mobisa onse anali atachoka.

"Ndinayang'ana woti ndimutumizire, ndinapeza inu nokha."

"Nanga zanga mukukaniranji?"

"Wamasiye amatumiza, koma salandira mphatso mpaka chaka chithe. Bambo anga anamwalira mu Januwale."

Bambo akewo ankakhala ku Ashkelon, mzinda wa Ayuda wa kufupi ndi Gaza. Nkhondo ya ku Gaza ili mkati, chenjezo la mabomba linalira, ndipo mtima wawo unaima ali pamasitepe opita kobisala. Anaikidwa mawa lake, Esther akadali kufunafuna ndege yodzera dziko lina.

"Kwathu wofedwa amakhala pansi sabata yathunthu, anthu n'kumabwera kudzamuona. Ndinakhala apa. Elliot ankapita kuntchito poopa kuchotsedwa. Kuseri kwa khomali aneba amene analipo nthawiyo ankaonera pa TV ana a ku Gaza akukwiriridwa, nawonso akulira. Ndikanagogoda n'kunena kuti chiyani?"

Anastasia anakumbukira sabata imeneyo. Ankadutsa pakhomo lomweli m'mawa ndi madzulo, akudziuza kuti mzunguyu wayamba matama. Manyazi anamugwira, kenako chisoni chenicheni, choti munthu analira bambo ake yekhayekha iye ali kuseri kwa khoma akuchapa yunifomu.

Anavula nsapato. Anamasula chitenje, n'kuchimanganso bwino monga achitira amayi polowa m'nyumba ya siwa, ndipo anakhala pansi pa matailosi ozizira, miyendo atatambasula. Mbale ija anaiika patsogolo pake.

"Mukutani?" anafunsa Esther.

"Ndabwera pamaliro, asisi. Ndachedwa, koma ndafika. Iyi si mphatso ayi. Chakudya cha pamaliro chilibe mwini, amadya aliyense amene wakhala pansi."

"Koma lero ndi tsiku lachimwemwe," anatero Esther, misozi ili mbwembwembwe. "Sindiyenera kulira lero."

"Inu sangalalani. Ndilira ndine."

Esther anaseka pang'ono, kuseka kumene kunathera m'kusisima. Anagwira khoma n'kutsetsereka mpaka pansi, phewa lake n'kugunda la Anastasia.

"Dzina lawo anali ndani?" anafunsa Anastasia.

Esther anamugwira dzanja. Chimwalirireni bambo ake, panalibe munthu mumzinda wonsewo amene anamufunsapo funso limenelo.