Chidindo cha Kamodzi pa Tsiku

Envulopu ija ndinaipeza Lachinayi m'mawa, pansi pa mapepala a madokotala m'dirowa, ilibe kanthu. Pamwamba pake panali zolemba zanga zomwe: "Mapiritsi anayi, kamodzi pa sabata, Lolemba lokha." Ndinaitembenuza kawiri ngati kuti mapiritsiwo atulukira kuseri.

Ine ndine wa mankhwala, ndipo satifiketi yomwe ili pakhoma la famasi yathu ndi yanga. Koma famasiyo eni ake ndi alamu, amuna a achemwali anga, munthu wosadziwa kusiyanitsa mankhwala a chifuwa ndi a m'mimba, koma wodana ndi mzere wautali kuposa njoka. Ndiwo anabwera ndi chidindo cholembedwa KAMODZI PA TSIKU, ati ndimachedwa kulemba ngati kalaliki wa kukhoti. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkadindiratu maenvulopu mulu wonse, odwala asanafike. Ndinkanyinyirika, koma ndinkadinda.

Lolemba kunabwera bambo wina kudzatengera mkazi wake mankhwala a nyamakazi, aja amphamvu omwa kamodzi pa sabata. Munthu akamamwa tsiku lililonse amawononga magazi, m'kamwa mumabuka zilonda, ena amapita kumene. Envulopu yake ndinailemba pamanja. Kenako foni inalira, mwana wina anasanza pakhomo, ndipo dzanja langa linapita komwe linazolowera. Mapiritsi a mwezi wathunthu ndinawathira mu envulopu yodinda kale, n'kuwonjezerapo mawu oti "anayi".

"Alamu, ndapha munthu," ndinatero.

Anamvetsera akutseka chitseko cha ku ofesi. "Musafuule, alamu. Mukam'peza bamboyo mungosintha envulopuyo mwakachetechete. Muziti adokotala asintha kamwedwe. Zikamveka ku bungwe lanu lija lopereka masatifiketi, satifiketi yapita, famasi atseka. Ana a achemwali anu adya chiyani?"

Ndinaika envulopu ija m'thumba la gawuni n'kutuluka, mzere wa anthu ukundiyang'ana.

Pa pepala la adokotala panali dzina lokha, popanda foni, popanda kokhala. Kuchipatala ndinaimba katatu, osayankha. Chomwe ndinkakumbukira ndi tepi yoyezera yomwe bamboyo anakoleka m'khosi, ndi tizingwe ta ulusi pa thalauza lake. Telala! Koma matelala m'tauni muno ndi ambiri kuposa ovala. Ndinayenda khonde ndi khonde m'masitolo, thukuta lili kamukamu, ndikufunsa za telala amene mkazi wake amadwala nyamakazi.

"Mkazi wa telala aliyense amadwala, amayi," anatero wina singano ili kukamwa. "Amadwala ifeyo."

Anzake anaseka. Tsiku lina ndikadaseka nawo, koma apa ndinafuna kum'phwanyira makina akewo. Ndinkangowerenga m'mutu: Lolemba anayi, Lachiwiri anayi, Lachitatu anayi, ndipo lero kwacha kale.

Kuseri kwa sitolo ya nsapato ndinapeza makina ovundikira ndi nsalu. Mayi wosoka pafupi anati mwini wake sanabwere kuyambira dzulo, akazi awo sali bwino. Anandilozera njira: kudutsa mpopi, kukhotera pa chigayo, nyumba ya chitseko chobiriwira. Ndinathamanga, ine munthu amene ndinasiya kuthamanga ndili kusukulu.

Ndinaodira kamodzi n'kulowa. Mkazi wa telala uja anakhala pa mpando atatsamira khoma, milomo itasweka, zala zopindika zili pamiyendo. Atelala anagwada pambali pa tebulo, akuphwanya mapiritsi anayi ndi supuni m'kambale.

"Aa, adokotala athu a ku famasi! Mulungu wakutumani," anatero akuimirira. "Tawauzani amayiwa. Akukana mankhwala, akuti m'kamwa mukupweteka, ndiye ndati ndiwaphwanyire. Chiyambire Lachiwiri akungolimbana nane, ati kale ankamwa Lolemba lokha. Ine ndati, iwe wadziwa liti kuposa ophunzira? Si izi adinda ndi chidindo chomwe?"

Anandionetsa envulopu yodinda ija monyadira, ngati umboni wopambanira mlandu.

Dzanja langa linali m'thumba, litagwira envulopu inayo. Bodza la alamu linali lokonzeka kale pa lilime, ndipo bamboyu akadalikhulupirira, poti amakhulupirira chilichonse cholembedwa. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinaona khoma la famasi lili ndi msomali wokha. Koma mayi uja ankandiyang'ana osaphethira. Iye ankadziwa, ndipo masiku awiri anameza mapiritsi akudziwa, chifukwa cha chidindo changa.

Ndinatenga kambale kaja n'kukaika patali.

"Amayi, munkanena zoona. Ndi Lolemba lokha. Adokotala analemba bwino, wolakwitsa ndine. Mwamwa mankhwala a masabata atatu m'masiku atatu, ndipo ndi oopsa. Tiyeni kuchipatala pompano."

Atelala anayang'ana supuni yomwe inali m'manja mwawo. "Ndiye kuti ine ndakhala ndikum'kakamiza..." Sanandikalipire, ndipo zikadakhala bwino akadatero. Anangowerama n'kuyamba kuveka mkazi wawo nsapato.

Tinakwera takisi. Foni yanga inalira kasanu, alamu, ndipo ndinaisiya ilire.

Kuchipatala mayi uja anamutenga magazi mwachangu n'kumulowetsa mkati. Dokotala wachitsikana anakhala ndi fomu yake n'kundifunsa zomwe wodwala wamwa. Ndinayala maenvulopu awiri aja patebulo, yolemba pamanja ndi yodinda. Anawayang'ana, n'kuyang'ana gawuni yanga yoyera.

"Achira?" ndinafunsa.

"Tiona magazi akatuluka. Mukadabwera Loweruka sindikadalonjeza kanthu." Anatsitsa cholembera pa mzere wotsiriza. "Apa pakufunika dzina la amene anapereka mankhwalawa. Mukudziwa kumene fomuyi imapita?"

"Ndikudziwa."

Ndinamutchulira dzina langa chilembo chimodzichimodzi, kuti asalakwitse, kenako nambala ya satifiketi yanga. Pakhomo atelala anali chiimire, atanyamula nsapato za mkazi wawo.