Batani la Pakhosi

Kawiri konse bambo anakomoka kwa telala, ndipo kawiri konseko linali tsiku loyesa suti ya ukwati. Mwana wawo wamkazi, mwini ukwatiwo, sanabadwe dzulo. Munthu wonyamula thumba la simenti yekha angagwe bwanji ngati nsanza patsogolo pa galasi? Ankadziwa kuti bambo sankamufuna mkamwini wawoyo. "Dalaivala ndi mwamuna wa msewu," ankatero. Tsono uku kunali kulambula njira, kuti tsikulo likadzafika adzati ndadwala, iye adzalowe m'tchalitchi yekha ngati wopanda kwawo. Zinkamuwawa kwambiri.

Ulendo wachitatu anapita nawo, diso lili pa iwo ngati mphaka pa una wa khoswe.

Bambo anatulutsa shati yoyera yakalekale imene anabwera nayo, n'kuivala. Batani la pakhosi analimbana nalo mpaka linalowa.

"Tayang'anani kuno," anatero telala.

Bambo anapotoza khosi. Kenaka anayasamula, thukuta linatuluka pachipumi, milomo n'kutuwa.

"M'makutu mukulira," anatero bambo. "Mwazimitsa magetsi kodi?"

Mtsikanayo anafuna kunena kuti sewero lakwana, koma dzanja limene anagwira linali lozizira ndi lonyowa. Zoterozo munthu sachita kupanga. Anawagoneka pansi pakati pa zidutswa za nsalu, telala n'kukweza miyendo yawo pampando. Pomasula batani lija anaona mzere m'khosi, pomwe kolala inadya mnofu. Posakhalitsa bambo anaphethira n'kutsitsimuka.

"Kodi kunyumba mumagwa?" anafunsa mtsikanayo.

"Ayi."

"Nanga kuntchito?"

"Ayi."

"Ndiye ndi shati iyi, ababa! Ikukufinyani pakhosi. Itayeni tigule ina. Ndipo mawa tipite kuchipatala akakuoneni."

"Kuchipatala ndipita. Shati sinditaya."

Mtima unamukweranso. "Bwanji osangonena kuti ukwati wanga simukuufuna?"

Bambo anamuyang'ana ali chigonere, dzanja lili pa kolala.

"Anasoka ndi malemu amayi ako, khosi langa lisanakule chonchi. Dalaivala wakoyo ndinamuzolowera kale. Ine ndimangofuna kuti pokuperekeza, nawonso adzakhalepo."

Mtsikanayo anasowa poyang'ana. Manyazi anamugwira, misozi n'kulengeza. Anatola lumo patebulo.

"Atelala, ndibwerekeni singano ndi ulusi woyera. Batani ili ndisuntha ndekha."