Galimoto Yokwechedwa Ngati Poto

Ku Ligowe konse anthu akunong'onezana kuti galimoto ya pa ukwati wa achemwali anga a Rejoice inakalidwa ndi mkazi wansanje. Ena akuti anachokera ku Matandani, ena mpaka anamuona atavala chitenje chofiira. Bodza lokhalokha. Ine ndinalipo.

Galimotoyo ndi ya a Gerishon, amalume awo a mkwati. Ndi yakuda, ndipo amaikonda ngati mwana. Anadzaisiya kwathu Lachisanu m'mawa kuti tiikongoletse, n'kutichenjeza kuti, "Ndikangopeza pokalika, mkwatibwi wanuyo akwera kabaza."

Ndiye fumbi la msewu wathu mukulidziwa. Azakhali anga a Yunike, amene mapoto awo amawala ngati kalilole, ataiona ili mbuu anaimvera chisoni. Anatenga sitiliwulu ndi phulusa n'kuyamba kukwecha boneti mozunguliza, uku akuimba nyimbo ya kwaya. Itauma, boneti yonse inali mizeremizere ngati ukonde wa kangaude.

Azakhali anangokhala pansi, manja kumutu. "Ine ndimati iwale," anatero.

Nthawi imeneyo achemwali anali m'nyumba, amayi a kumpingo akuwalangiza za banja. Ndinakawanong'oneza pawindo, nanga ine nkhani imakhalitsa m'kamwa? Achemwaliwo amagwira ntchito yopolisha magalimoto ku Blantyre, ndipo makina awo anali m'katundu wopita naye ku banja. Anatuluka tsitsi ataluka mbali imodzi.

"Mwana iwe, mkwatibwi satuluka mwambo uli mkati," anatero mlangizi wamkulu.

"Amayi, tengani mipando mudzandilangizire panja. Makutu ndili nawo."

Galimoto ija tinaikankhira pansi pa mtengo wa mango, chifukwa akuti penti ikatentha ndi dzuwa sipolishika. Jenereta tinatenga ya zoimbira za mawa lake. Achemwali anaitsuka galimotoyo bwinobwino ndi sopo kuti pasatsale mchenga, n'kudontheza polishi pa siponji ya makina aja. Amawayendetsa pang'onopang'ono, kupita uku, kubwerera, kagawo kamodzi kakatha n'kupukuta ndi kansalu kofewa, kenako kuunika ndi tochi ya foni kuti aone ngati mizere yatha.

Alangizi nawo sanagonje. Anakhala pamzere n'kumakuwa kupikisana ndi jenereta.

"Mwamuna akalakwa, usamamukalipire pagulu."

"Ndamva, amayi. Ngakhale penti iyi, mukaikanikiza malo amodzi imapsa."

Onse anaseka, ngakhale azakhali amene misozi inali isanaume. Posakhalitsa nkhope zawo zinayamba kuoneka pa boneti, mmodzi mpaka anakonzerapo duku.

Panatsala kamzere kamodzi pafupi ndi chitseko. Achemwali anakayesa ndi chikhadabo, chinakodwa. "Aka kalowa mkati, makina sangakathe," anatero. Tinangomangapo riboni yoyera.

Loweruka m'mawa a Gerishon anafika atavala suti. Anaizungulira galimoto yawo. Atafika pachitseko anatukula riboni ija, azakhali n'kubisala kumbuyo kwanga.

"Aka n'kanga aka, ndinakhula pageti chaka chatha," anatero a Gerishon. "Koma tinzake tija tapita kuti? Kodi ndi yanga yomwe ija iyi, eti?"

Anawerama pa boneti n'kuwongola tayi. "Watsuka ndani?"

"Tinathandizana, bambo," anayankha azakhali ndi kamawu kakang'ono.

"Basi mayi, kuyambira lero muzinditsukira ndinu."

Achemwali anaseka mpaka amene amawadzola zodzoladzola kumaso anayambiranso ntchito yake. Anapita kutchalitchi pagalimoto, hutala ikulira njira yonse, ndipo azakhali anavina kuposa aliyense.

Madzulo ake azakhali anandiitanira kuseri n'kundipatsa ntchafu ya nkhuku kuti nditseke pakamwa. Ntchafuyo ndinadya, ndipo za sitiliwulu sindinauze munthu aliyense ku Ligowe kupatula inu. Ndiye mundisungira chinsinsichi, kapena nanunso muli ndi pakamwa ngati panga?